Mang'a, Linyetsu ndi Zikhadabo: N'chifukwa Chiyani Zimangobwerera?

Mwezi wa Juni ukangofika kuno ku Harare, mapazi amayamba kutuwa ngati munthu waponda pa phulusa. Pofika Ogasiti, mphepo ija ikamaulutsa fumbi m'misewu ya ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Epworth, zidendene zimakhala zitang'ambika kale. Ena amafika poyendera zala chifukwa chidendene chikagunda pansi ululu wake umalasa mpaka mumtima. Anzathu Achishona amati man'a, ife timati mang'a. Mvula ikagwa mu Novembala, mang'a aja amayamba kutsekeka, munthu n'kupumira m'mwamba, koma apo m'pamene pakati pa zala pamayamba kuyabwa ndi kusupuka, vuto limene timati linyetsu. Chaka chamawa zonsezi zimabweranso motsatana momwemo.

Ine ndimagulitsa ndiwo zamasamba. Ndimakapikula kumsika waukulu wa Mbare Musika m'bandakucha, kenako ndimaima patebulo langa mpaka dzuwa kulowa. Mapazi angawa ndi amene amadyetsa ana anga, ndipo ndinavutika nawo zaka zambiri ndisanamvetse chinthu chimodzi chimene ndikufuna nanunso muchigwire: phazi ndi limodzi, koma lili ndi malo awiri ofuna zosiyana. Chidendene ndi kunsi kwa phazi kumafuna mafuta. Pakati pa zala pamafuna kuuma. Ambiri a ife timasinthanitsa. Timapaka mafuta phazi lonse mpaka m'mipata ya zala, kenako chidendene n'kuchisiya pamtunda tsiku lonse mu patapata. Mavuto ambiri obwerezabwereza amachokera pamenepa.

Mang'a

Khungu la kunsi kwa phazi lilibe timatumba totulutsa mafuta ngati mmene lilili la kumaso kapena kumsana. Limatulutsa thukuta basi. Choncho mpweya ukauma, palibe choliteteza. Harare ali pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula sigwa kwenikweni. Khungu likauma limakhuthala n'kusiya kutamuka. Mukaponda, mnofu wa pansi pa chidendene umafutukukira m'mbali, ndiye chikhungu chouma chija chimang'ambika ngati dothi la padambo m'chilimwe. Patapata ndi masilipasi amawonjezera vuto chifukwa alibe chogwira chidendene kumbuyo. Kuyenda wopanda nsapato pasimenti yozizira kumachitanso chimodzimodzi. China chimene sitichiganizira ndi madzi a sopo waufa: tikamachapa pabwalo kapena kukolopa, mapazi amakhala m'thovu nthawi yaitali, ndipo sopo ameneyo anapangidwa kuti azichotsa mafuta.

Agogo anga aakazi, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mtsikana, anali ndi mwala wawo wokwechera mapazi umene unkakhala pakona ya bafa. Sindinawaonepo ali ndi mang'a. Ndili mwana ndinkaganiza kuti chinsinsi chili m'mwalawo. Ndazindikira ndili wamkulu kuti chinsinsi chinali m'kachitidwe kawo: ankakwecha pang'ono chabe, pafupipafupi, ndipo akangotuluka m'bafa ankadzola mapazi asanaumiretu.

Chitani chonchi madzulo. Thirani madzi ofunda m'beseni, osati otentha. Ndikudziwa mmene madzi amavutira m'makomo mwathu, mipopi ikauma masiku angapo n'kumakatunga kumjigo. Simukufunika ndowa yathunthu. Madzi ongomiza zidendene akwanira. Viikani mapazi mphindi 10, musapitirire 15, chifukwa kuviika nthawi yaitali kumaumitsanso khungu pambuyo pake. Kenako kwechani ndi mwala wosalala kapena chokwechera chogula kusitolo, mopepuka, pamalo okhuthala pokha. Kukwechaku kukhale kawiri kapena katatu pa sabata, osati tsiku lililonse. Pukutani, makamaka pakati pa zala. Khungu la chidendene likadali lofewa, pakani mafuta olimba ngati Vaseline, muvale sokosi za thonje, mugone nazo. Kupaka mafuta ndi kuvala sokosi ndiye kwa usiku uliwonse, ngakhale tsiku limene simunaviike.

Mang'a akakhala okhuthala kwambiri, pitani ku famase mukafunse kirimu wa zidendene wokhala ndi mankhwala otchedwa urea. Yang'anani pa chubu: wa 10 peresenti amafewetsa, wa 25 peresenti ndiye amasungunula chikhungu cholimba chija. Pakani kirimuyo kaye, Vaseline pamwamba pake. Pamene pang'ambika kwambiri kirimuyu amaluma, choncho pakani m'mbali mwa mng'aluwo. Gilisalini nayenso amathandiza chifukwa amakoka chinyezi, koma mupake pakhungu lonyowa n'kuphimba ndi mafuta olimba. Payekha pakhungu louma sapita patali.

Lezala ndiye ndikukupemphani, isiyeni. Ndikudziwa kukoma kwake: umasenda chikhungu chonse tsiku limodzi, phazi n'kuoneka ngati la mwana. Koma khungu likasendedwa mopitirira limadziteteza pomera lokhuthala kuposa poyamba, ndipo pakatha masabata ochepa mwabwerera pomwe munali. Dzanja likangoterereka pang'ono mwadzicheka, pamalo pamene pamaponda fumbi tsiku lonse. Kukwecha pa njerwa kapena pakhonde la simenti mpaka kufiira n'chimodzimodzi. Ndaonaponso anthu akudonthezera kandulo wotentha m'mang'a, ena kusakaniza ndi parafini, ena kupaka polishi wa pansi. Parafini amawotcha khungu, ndipo zonsezi zikalowa m'chilonda chotseguka zimangochikulitsa.

"Ndimadzola tsiku lililonse koma sizikusintha"

Dandaulo limeneli ndimalimva kwambiri kwa amayi anzanga pamsika. Ndikafunsitsa, nthawi zambiri ndimapeza chimodzi mwa izi. Ena amadzola mafuta amadzimadzi onunkhira aja, amene ndi abwino pamikono koma pachidendene amangouluka. Ena amadzola m'mawa pakhungu louma kale, n'kuvala patapata, mafuta aja n'kusanduka ulimbo wogwira fumbi. Ena amachita zonse bwinobwino usiku koma masana chidendene chili pamtunda. Ngati mukufunadi kuti mang'a atsekeke, valani nsapato yotseka kumbuyo ndi sokosi kwa mwezi wathunthu, ngakhale ikhale tenesi yakale. Khungu limatenga pafupifupi masabata 4 kuti lisinthike, ndiye musaweruze pa masiku atatu. Ndipo zikachira musasiye. Yambani kudzola mu Epulo mvula ikamatha, osadikira kuti Julayi akupezeni.

Koma pali china chimene ambiri sachidziwa. Ngati kunsi kwa phazi konse kwatuwa, kukufundula timamba tating'onoting'ono ngati ufa mpaka m'mbali mwa phazi, kumayabwa, mwina phazi limodzi lokha, ndipo mafuta sakuthandiza ngakhale mutachita zonse, n'kutheka kuti si kuuma wamba. Ndi fangasi, kachilombo komwe kamayambitsa linyetsu, wangofalikira kunsi. Ameneyo samva Vaseline. Amafuna mankhwala ake, ndipo wa mtundu umenewu nthawi zina amafuna mapiritsi ochokera kwa dokotala.

Mng'alu ukafika potuluka magazi, siyani kukwecha. Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, umitsani, pakani Vaseline pang'ono, mumate pulasitala mokoka mbali ziwiri za mng'aluwo kuti zikumane. Sinthani tsiku lililonse. Pakayamba kufiira mozungulira, kutentha, kutupa kapena kutuluka mafinya, pitani kukiliniki tsiku lomwelo.

Linyetsu

Limakonda kuyambira pakati pa kachala kakang'ono ndi kanzake, chifukwa m'pamene pali pothina kwambiri ndipo mpweya sufikapo. Khungu limayera ngati lanyowa, limasupuka, limayabwa, kenako limang'ambika n'kumawawa mukathira madzi. Choyambitsa ndi fangasi amene amakonda malo ofunda ndi onyowa. Timamutenga pansi pa bafa, makamaka m'nyumba zimene mabanja angapo amasambira bafa limodzi monga zimakhalira kwa ife ochita lendi. Amayendanso pa thawulo, pa sokosi ndi m'nsapato zobwerekana. Ovala majombo tsiku lonse, alonda, ogwira ntchito m'mafakitale a ku Southerton ndi ku Workington, ana asukulu ovala nsapato imodzi sabata yonse, onsewa amalidziwa bwino.

Mankhwala ake alipo ku famase ndipo sakufuna kalata ya dokotala. Clotrimazole mumapaka kawiri kapena katatu pa tsiku kwa masabata 4. Terbinafine amagwira msanga, sabata limodzi kapena awiri, malinga ndi zimene pepala la m'bokosi lanena. Tsukani, umitsani bwinobwino, pakani pang'ono mpaka kupitirira m'mphepete mwa pamene pakuoneka kuti pali vuto.

Nanga bwanji limabwerera? Choyamba, timasiya mankhwala kuyabwa kukangoleka, mwina tsiku lachinayi, fangasi akadali moyo pansi pa khungu. Malizani masiku onse. Chachiwiri, timachiza phazi n'kulibwezera m'nsapato yomwe ija yonyowa. Nsapato imafuna tsiku lathunthu kuti iume m'kati, choncho ngati muli ndi mapeyala awiri muzisinthanitsa. Ngati ili imodzi, mukafika kunyumba masulani zingwe, tulutsani kansalu kopondapo kaja, muyanike pamphepo, ndipo Lamlungu muiike padzuwa. Sokosi zisinthidwe tsiku lililonse, zichapidwe ndi madzi otentha, ziume padzuwa mpaka gwa. Chachitatu, m'nyumba mumakhala wina amene ali nalo koma sakuchiza, ndiye mumangopatsirana. Aliyense akhale ndi thawulo lake, ndipo m'bafa la anthu ambiri muzisamba mutavala patapata. Apa ndiye pamalo pake pa patapata.

Chachinayi ndi chimene chinandichitikira ine. Ndinagula kachubu kwa munthu wina wogulitsa zodzola m'mbali mwa msewu, amene ananditsimikizira kuti kamachiza chilichonse cha pakhungu. Kuyabwa kunatha usiku womwewo. Patatha masabata awiri zinali zitafalikira mpaka pamwamba pa phazi. Anamwino atayang'ana chubucho anandionetsa dzina lakuti betamethasone. Mankhwala a mtundu umenewu, amene amapezekanso m'mafuta ambiri oyeretsa khungu, amaziziritsa kuyabwa koma amafooketsa chitetezo cha khungu, fangasi n'kupeza mpata. Werengani chubu musanapake.

Nyengo ya mvula, madzi oyenda m'misewu nthawi zina amasakanikirana ndi a m'mapaipi a zimbudzi amene aphulika. Mukadutsamo, mukafika kunyumba tsukani mapazi ndi sopo musanachite china chilichonse. Kamng'alu ka pakati pa zala ndi khomo limene tizilombo timalowera, ndipo mwendo wonse ukhoza kutupa, kufiira ndi kutentha, thupi n'kuyamba kuphwanya. Zikatero si za kirimu ayi, n'zakuchipatala.

Musaiwale: pakati pa zala sipapakidwa Vaseline kapena mafuta odzola. Popukuta, lowetsani kansonga ka thawulo m'mpata uliwonse.

Fungo

Thukuta palokha silinunkha. Fungo limabwera tizilombo ta pakhungu tikamadya thukuta ndi khungu lakufa m'nsapato yosapita mpweya. Njira zake ndi zomwe zija: kusamba ndi sopo, kuumitsa, sokosi zoyera, kupumitsa nsapato. Supuni ya soda wophikira mukaithira m'nsapato usiku n'kukutumula m'mawa imachepetsa chinyezi ndi fungo. Nsapato za pulasitiki zisamavalidwe tsiku lonse. Ngati fungo ndi lamphamvu kwambiri ndipo kunsi kwa phazi kwayera n'kuchita timaenje ting'onoting'ono, kaonetseni kukiliniki. Pali mankhwala ake opaka opha tizilomboto.

Zikhadabo

Chikhadabo cholowa m'mnofu, makamaka cha chala chachikulu, kawirikawiri timachiyambitsa tokha podula mozungulira n'kukumba m'makona. Kansonga kotsalira kamamera kulowa m'khungu. Dulani mowongoka, mutangosamba pamene zili zofewa, ndipo musadule mpaka pamnofu. Makona aziwonekera. Chikayamba kuwawa, viikani m'madzi ofunda a mchere mphindi 10 kawiri kapena katatu pa tsiku, umitsani, valani nsapato yotakasuka kutsogolo. Musachikumbe ndi singano kapena lezala. Pakatuluka mafinya kapena kamnofu kofiira kotumphuka m'mbali, akuchipatala amadula kambali kameneko atabaya jakisoni wopha ululu, ndipo mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Chikhadabo chokhuthala, chachikasu, chofumbutuka kunsonga, nthawi zambiri ndi fangasi wochokera ku linyetsu losachizidwa. Apa m'pofunika kuleza mtima, chifukwa chikhadabo cha kuphazi chimakula pang'onopang'ono kwambiri: kuti chonse chisinthike pamapita miyezi 12 mpaka 18. Kirimu salowa m'chikhadabo. Dokotala akatsimikiza, amapereka mapiritsi akumwa pafupifupi miyezi 3, ndipo muyenera kumuuza mankhwala ena onse amene mukumwa komanso ngati munadwalapo chiwindi. Chikhadabo chotere chimasunga fangasi n'kumamubwezera pakhungu, n'chifukwa chake ena linyetsu silitha ngakhale amamaliza mankhwala.

Utoto wa zikhadabo ndimaukonda, ndipo phazi losamalika lokhala ndi utoto limakongola pa ukwati kapena kutchalitchi. Kungoti tisamaphimbe nawo chikhadabo chodwala. Muziuchotsa pakapita masabata awiri kapena atatu, muone mmene chikhadabo chilili, chipume masiku angapo. Kakhungu ka m'tsinde mwa chikhadabo musakadule, n'kamene kamatseka kuti tizilombo tisalowe. Mukapita kokakonzetsa mapazi kusaluni, tengani chodulira ndi chokwechera chanu, ndipo musachite manyazi kukana lezala.

Matuza, njerewere ndi nsapato za m'mabhero

Ambiri timagula nsapato za kaunjika, zimene kuno timati za m'mabhero, ku Mupedzanhamo kapena m'misika ya kwathu. Palibe cholakwika, zina zimakhala zolimba kuposa zatsopano. Koma yesani madzulo, chifukwa phazi limatupako likayenda tsiku lonse. Yesani zonse ziwiri mutaima, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja. Mawu akuti "idzatamuka" avulaza mapazi ambiri. Mukafika nazo kunyumba, zochapika zichapeni, zina zipukuteni m'kati n'kuziyanika padzuwa masiku awiri musanavale.

Thuza musaliboole ngati mungathe. Khungu lapamwambalo ndiye bandeji yake. Phimbani ndi pulasitala, musinthe nsapato. Khungu lolimba lomera pamwamba pa chala kapena pansi pa phazi, lopweteka ngati mwaponda kamwala, limabwera chifukwa chopanikizika pamalo amodzi. Mukhoza kulikwecha pang'onopang'ono, koma limabwerera mpaka nsapato yolipangitsayo itasiyidwa. Ngati pakati pake pali timadontho takuda ndipo pamawawa mukafinya m'mbali, imeneyo ndi njerewere. Imapatsirana, choncho mwala umene mwakwechera pamenepo usagwirenso pena. Ndipo mukaponda msomali kapena waya, ngakhale bala lioneke laling'ono, kafunseni za jakisoni wa kafumbata.

Ngati muli ndi matenda a shuga, kapena mapazi achita dzanzi

Apa ndikupempha muwerenge modekha, chifukwa zina zimene ndanena pamwambapa kwa inu zikusintha. Shuga akakhalitsa amawononga mitsempha ya kumapazi. Munthu samvanso kutentha, kubaya kapena kupana kwa nsapato, ndipo magazi safika mokwanira kuti bala lipole. Kamng'alu kamene kwa wina n'kongosowetsa mtendere, kwa wodwala shuga kakhoza kukhala chiyambi cha chilonda chimene mapeto ake n'kudulidwa chala kapena mwendo.

Musaviike mapazi. Tsukani ndi madzi ofunda pang'ono amene mwayesa ndi chigongono, umitsani, dzolani kupatula pakati pa zala. Musagwiritse lezala, ngakhale mankhwala omata osungunula khungu lolimba, chifukwa ali ndi asidi amene amadya ndi khungu labwino lomwe. Musayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, magetsi akazima, musayandikize mapazi kumbaula kapena kugona ndi botolo la madzi otentha. Valani sokosi. Anthu apsa mpaka matuza osamva kanthu. Musanavale nsapato pisanimo dzanja, mwina mwalowa kamwala. Tsiku lililonse yang'anani mapazi onse, pansi ndi pakati pa zala. Ngati kuwerama kukuvuta, ikani galasi pansi kapena pemphani mwana akuonereni. Bala lililonse, thuza, kapena malo amene asintha mtundu, pitani kukiliniki ya khonsolo ya kwanuko tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe.

Dzanzi ndi kutentha kwa mapazi usiku sizibwera ndi shuga yekha. Kumwa mowa kwambiri, kuperewera kwa mavitamini a gulu la B, HIV, ndiponso isoniazid amene ali m'mankhwala a TB, zonsezi zimatha kuyambitsa. N'chifukwa chake omwa isoniazid amapatsidwanso pyridoxine, amene ndi vitamini B6. Musasiye mankhwala panokha, kawauzeni anamwino mmene mukumvera. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi n'kumapweteka ku katumba, kapena mayi woyembekezera akatupa mapazi pamodzi ndi nkhope ndi manja mutu ukupweteka, musadikire kuti kuche.

Bambo anga ali ndi shuga ndipo maso awo sakuonanso bwino. Loweruka lililonse madzulo ndimapita kwawo ku Mabvuku, ndimakhala pamkeka, iwo pampando, phazi lawo pamiyendo panga. Poyamba ankakana, ankati si ntchito ya mwana wamkazi kugwira mapazi a bambo ake. Ndinawayankha kuti, "Bambo, inu simungaone kunsi kwa phazi lanu, ndiloleni ndikhale maso anu." Tsopano amachita kundidikira, thawulo lili paphewa. Ndimayang'ana chala chimodzichimodzi, ndimasalaza zikhadabo ndi chokhulira m'malo modula, ndimawadzola zidendene. Masiku enawo amawaonera mdzukulu wawo amene amakhala nawo. Mwezi wathawu mwanayo anapeza kathuza pansi pa chala chachikulu, kamene agogo ake sanakamve n'komwe. Titafufuza m'nsapato tinapeza kuti kansalu ka m'kati kanapindika. M'mawa mwake tinakwera kombi kupita kukiliniki, anatsuka n'kumanga, ndipo nsapatoyo sanaivalenso.